A Ng'ambi ndi Makompyuta Oiwala

Amene ananditengera ku Dar es Salaam ndi a Ng'ambi a ku Wenya. Sitinali pachibale. Iwo anabwera kutchuthi, ndipo anakumana ndi adada anga pa msonkhano wa mpingo kwathu ku Nthalire. Adada anawadandaulira kuti ali ndi mwana amene anaphunzira za makompyuta ku Mzuzu, koma satifiketi yake ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi, mwini wake ali kalikiliki kupalira nyemba. A Ng'ambi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Kutentha umakupirira?"

Ndinati eya. Ndinanama osadziwa, chifukwa mwana wa ku Nthalire kutentha kwenikweni sakudziwa.

Ndinachoka mvula itangoyamba, mkazi wanga NyaKaira ali woyembekezera mwana wathu woyamba. A Ng'ambi anakwerera pa Wenya. Lole yathu inatitimira m'matope pamalo pena, tonse n'kutsika kukakankha, mapiri a Mafinga atabisala m'mitambo. Nsapato zanga zokapemphera ntchito zinafika ku Chitipa zili zofiira. Titawoloka kulowa Tanzania, basi yochokera ku Mbeya inayenda nafe mpaka miyendo inatupa. Potsika ku Dar es Salaam, mpweya wa m'tauni unandimata kumaso ngati nsalu yoviika m'madzi ofunda. A Ng'ambi anaseka, n'kuti, "Ndinakufunsa, wakukaya."

Dzina limenelo linandikanirira. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi sananditchulepo dzina langa. Ndinali wakukaya basi, mwana wa kumudzi. Ine ndinkawatcha adada.

Tinkagona chipinda chimodzi kufupi ndi doko, matiresi awiri pansi, mpopi wa panja wogawana ndi mabanja ambiri. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kunena shikamoo, moni waulemu wa Chiswahili, kwa akuluakulu, kukwera minibasi ija amati daladala isanaime bwinobwino, ndiponso kusatulutsa foni pawindo. Madalaivala opita ku Malawi ankatibweretsera nyemba za kwathu pobwerera. Lamlungu tikachoka kutchalitchi tinkakhala pamthunzi kuseri kwa nyumba, n'kumayankhula Chitumbuka chokhachokha mpaka lilime libwerere m'malo mwake.

Kampani yathu inkaombola magalimoto otsika m'sitima zapamadzi, a anthu a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Congo. A Ng'ambi anali kalaliki, ndipo anali atakhalitsa kuposa onse m'chipinda cha makalaliki. Ntchito yawo inali kulemba pa kompyuta zonse za galimoto iliyonse, makamaka nambala yaitali ija yodindidwa pa chitsulo, imene timati chesisi. Nambala imeneyi ndi yosakaniza zilembo ndi manambala. Ukangolemba 8 pamene pali B, mapepala sagwirizana ndi galimoto, ndipo pa boda siidutsa.

Ine ndinalembedwa ngati wothandiza mayi Rehema, mkulu woona za makompyuta. Anali mayi wosakonda mawu ambiri, wachilungamo, ndipo ankanditcha fundi, kutanthauza mmisiri. Ntchito yanga inali kukwawa pansi pa matebulo, kusintha nthambo, ndi kulimbana ndi mavairasi. Makalaliki ankabwera ndi mafulashi odzaza nyimbo ndi mafilimu, n'kumabaya paliponse. Sabata sinkatha popanda kompyuta ina kudwala. Uyu waika pulogalamu yake, uyo wafufuta chinthu chosayenera kufufutidwa. Kompyuta iliyonse inali ndi khalidwe la mwini wake, ndipo ine ndinkaziweta ngati mbuzi zosamva.

Masana ena a Ng'ambi anandikodola. Tebulo lawo linali pakona, sikirini itayang'ana kukhoma.

"Wakukaya, tandikulitsirako tizilembo iti. Tachepa."

Ndinawakulitsira. Patapita nthawi anandikodolanso, ndinakulitsanso. Kenako anati kuwala koyera kukuwalasa m'maso, ndiye ndinasintha kuti kumbuyo kukhale kwakuda, zilembo zachikasu. Ndinawaikiranso kagalasi ka pa sikirini kokuza malo amene waloza. Mapepala ochokera kusitima ankabwera pa kompyuta pomwepo, choncho ankatha kukuza nambala mpaka chilembo chimodzi chikhale ngati chala chachikulu. Akatero ankalemba bwinobwino, osalakwitsa.

Kunyumba ndinayamba kuona zina. Foni ankaiyandikizira pamphuno. Uthenga wa akazi awo ankati ndiwawerengere chifukwa manja awo ndi onyowa, pamene manjawo ndi ouma. Lamlungu lina pamthunzi paja ndinalimba mtima kuwafunsa.

Anatola lalanje n'kuyamba kulisenda. "Ndi shuga," anatero. "Yayamba kudya maso. Adokotala ati magalasi sangathandize kwenikweni." Anandipatsa theka la lalanje lija. "Mtsikana wanga ali ku sukulu ya unamwino. Akangomaliza, ndekha ndilongedza. Koma akadziwa kuntchito lero, mawa ndili pa basi. Pakamwa pako pali chitseko?"

"Chilipo, adada."

"Chitseke."

Ndinatseka. Ndipo zinayenda bwino kwa nthawi yaitali, chifukwa kompyuta ya pakona inali yawo. Ankaipeza m'mawa monga anaisiyira dzulo.

Kenako kampani inakula. Kunayambika mashifiti, makalaliki anachuluka kuposa matebulo, ndipo mabwana anagula makina atsopano. Mayi Rehema anandiitanira m'chipinda cha seva, mozizira muja, momwe ndinkakonda kuchedwamo dala chifukwa munkandikumbutsa June wa kwathu. Anandifotokozera kuti makompyuta a pansi pa matebulo achotsedwa. Patebulo pazikhala sikirini, kiyibodi ndi kabokosi kakang'ono. Kompyuta yeniyeni ya munthu izikhala mkati mwa seva, makina aakulu a m'chipinda chija. Munthu akalemba dzina ndi pasiwedi, seva izimutumizira kompyuta yake pa sikirini, kaya wakhala patebulo liti.

"Koma zilipo mitundu iwiri," anatero. "Tiyenera kusankha."

Mtundu woyamba, ine ndinautcha wokumbukira. Munthu aliyense amapatsidwa yakeyake. Chimene wasintha lero, mawa achipeza. Koma iliyonse imadya malo ake mu seva, iliyonse imafuna kuisamalira payokha, ndipo ikadwala imadwalabe mpaka fundi abwere. Mtundu wachiwiri ndinautcha woiwala. Pamakhala chikombole chimodzi, ngati choumbira njerwa. Aliyense akalowa, seva imamuumbira kompyuta yatsopano kuchokera m'chikombolemo. Akatuluka, kompyutayo imaphwanyidwa. Mapepala a ntchito satayika, chifukwa amasungidwa kwina. Chimene chimatayika ndi chilichonse chimene munthu wasintha pa kompyutapo, kaya ndi vairasi, kaya chithunzi cha mwana wake. Ukafuna kukonza chinthu umakonza chikombole chokha, onse n'kupeza zokonzedwa.

"A maakaunti ndi mabwana tiwapatsa zokumbukira," anatero mayi Rehema, "chifukwa ali ndi mapulogalamu awoawo. Koma malo ndi ochepa. Chipinda cha makalaliki ukuchidziwa ndiwe kuposa ine. Ukuona bwanji, fundi?"

Kunena zoona, mutu wanga unali utayankha kale. Kwa anthu ogwira ntchito yofanana, osinthana matebulo, obaya mafulashi, yoiwala ndiyo inali mankhwala. Koma mtima unathamangira pakona paja.

"Zoiwala zili bwino, mama," ndinatero. "Kungoti mwina akuluakulu okhalitsa tikanawasiyira zokumbukira. Monga a Ng'ambi. Anazolowera zawo."

"Kuzolowera si chifukwa. Ndikapatsa mmodzi chifukwa cha imvi, mawa onse abwera ndi imvi. Ali ndi pulogalamu ina imene anzawo alibe?"

"Ayi."

"Ndiye ndipatse chifukwa chomwe ndingakalembe kwa abwana. Chikakhala chomveka, malo a munthu mmodzi sangasowe. Kaganize, undiuze Lolemba."

Poweruka tsiku limenelo sitinakwere daladala. Ndinawapempha a Ng'ambi kuti tiyende pansi, ndipo m'njira ndinawafotokozera zonse, malole a makontena akutiwaza fumbi.

"Ndiye kuti zilembo zanga zizibwerera kukhala nyerere tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, adada. Mukangotuluka."

"Nanga sungaike zazikuluzo m'chikombolemo?"

"Ndiye kuti onse apeza zazikulu. Afunsa kuti n'za ndani."

Tinayenda kamtunda. Ndinati, "Ndiloleni ndiwauze mayi Rehema. Ndi munthu. Ati akufuna chifukwa chokha."

Anaima, n'kundigwira pamkono. "Iwe wabwera dzulo. Chifukwa chimenecho achilemba papepala, pepala lipita kwa abwana. Abwana awerenga kuti kalaliki wolemba manambala saona. Iweyo utakhala mwini kampani ungatani?"

"Koma simulakwitsa."

"Sadzafunsa zimenezo. Ndine mlendo kuno, wakukaya. Pakhomo paja pali ana a eni dziko okhala ndi madigiri ndi maso awiri, akudikira mpando. Unandilonjeza."

"Nanga titani?"

"Uzibwera m'mawa kudzandikonzera. Si iwe fundi?"

Lolemba ndinapita kwa mayi Rehema n'kunena kuti chifukwa ndilibe, makalaliki onse apatsidwe zoiwala. Anandiyang'ana nthawi yotalikirapo, kenako analemba.

Sindinganame kuti makina aja anali oipa. Anali abwino kwambiri. Mavairasi anatha ngati mphutsi padzuwa. Munthu akandiitana kuti kompyuta yasokonekera, ndinkangomuuza kuti atuluke n'kulowanso, basi yachira. Mawondo a thalauza langa anasiya kung'ambika. Mayi Rehema anayamikiridwa, nanenso anandikweza pang'ono, ndipo ndalama yopita kwa NyaKaira inayamba kuoneka. Malata a nyumba yomwe ndikukhalamo lero anagulidwa nthawi imeneyo. Masiku ena ndinkaiwala n'komwe kuti pali munthu amene makinawa akumupweteka, mpaka nditamuona atakhala pa sikirini yoyera mbee, manja ali pamwendo, akudikira ine.

M'mawa uliwonse tinkalawira anzathu asanafike, kuti apeze tebulo la pakona lisanatengedwe. Iwo ankalemba dzina ndi pasiwedi mongopapasa, ine n'kuwerama ngati ndikuona nthambo, kwinaku ndikukulitsa zilembo, kusintha mitundu, kuyatsa kagalasi. Okha sakanatha, chifukwa malo osinthira zimenezo nawonso ndi olembedwa mwa tizilembo tomwe tija. Ndinayesa kuwaphunzitsa kuloweza mabatani, ndipo kagalasi anakadziwa kuyatsa, koma zina zonse zinkawasokoneza. Vuto linali lakuti netiweki ikaduka kwa kanthawi, kapena munthu akachedwa kunkhomaliro, seva inkamutulutsa yokha. Akalowanso, zonse zabwerera pachiyambi. Pamenepo foni yanga inkalira kamodzi n'kuduka. Chimenecho chinali chizindikiro chathu. Ndinkasiya chilichonse n'kuthamanga.

Panali mayi wina wa ku Mbeya amene ankakhala nawo pafupi. Ameneyo anazindikira, koma sanafunse kanthu. Ankangoti akaona ine ndachedwa, n'kusendeza mpando, n'kumawerenga mokweza nambala ya pa sikirini ya a Ng'ambi ngati akudziyankhulira yekha. Sindinamuthokozepo, chifukwa kumuthokoza kukanakhala kuvomera kuti pali nkhani.

Tinapirira choncho mpaka mvula inagwa n'kusiya. Kenako kampani inatsegula ofesi ina kunja kwa tauni, kumene ankaimika magalimoto, ndipo ine ananditumiza kukayala nthambo kumeneko kwa masiku angapo. M'mawa ndinkayamba ndawakonzera a Ng'ambi, kenako n'kukwera galimoto. Tsiku lina masana ndili pamwamba pa makwerero, foni inalira kamodzi n'kuduka. Inaliranso. Ndinali kutali, ndipo mayi wa ku Mbeya uja anali pa shifiti ina. Ndinaimba, koma sakanayankha pamaso pa anthu. Tsiku limenelo kunali kutafika sitima, ntchito inali mulu, woyang'anira ali chilili kumbuyo kwawo.

Madzulo ndinawafunsa kuti zatha bwanji. Anati, "Ndayesa." Sanadye.

Nkhani inabwera patapita masiku, kuchokera kuboda. Magalimoto angapo anali ataimitsidwa chifukwa manambala a pamapepala sankagwirizana ndi a pachitsulo. Madalaivala ankagona m'magalimoto momwemo, eni ake akuimba mafoni mokalipa, kampani ikulipira kuti mapepala akonzedwe. Atafufuza, anapeza kuti onse analembedwa ndi dzina limodzi, masana amodzi.

Ine sindinalowe nawo mu ofesi ya abwana, koma khoma lake linali la galasi. Ndinaona abwana akuwapatsa pepala. Ndinaona a Ng'ambi akulikweza, kulitembenuzira kuwindo, kuliyandikiza, kulitalikitsa. Kenako analiika patebulo mwaulemu ndi manja awiri. Anandiuza pambuyo pake kuti mawu amene ananena anali awiri okha: "Bwana, sindikuona."

Sanawachotse mwachipongwe. Anati akuwapumitsa chifukwa cha matenda, ndipo anawapatsa kangachepe kolowera kumudzi. Koma mtsikana anali asanamalize.

Mayi Rehema anandipeza m'chipinda cha seva.

"Unkadziwa, fundi?"

"Eya, mama."

"Ndinakufunsa chifukwa."

"Anandiletsa."

Anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi kansalu. "Sindikunena kuti ndikanawapulumutsa. Mwina abwana akanawachotsabe tsiku lomwelo. Sindikudziwa. Koma ndikanayesa." Anatuluka, ndipo sanaitchulenso nkhaniyi.

Mawu amenewo ndawatembenuza m'mutu zaka zambiri. A Ng'ambi mwina ankanena zoona, mayi Rehema mwinanso ankanena zoona, ndipo palibe amene angandiuze kuti zikanatha bwanji.

Ndinawaperekeza kusiteji ya mabasi nditasenza chikwama chawo. Anandisiyira mbaula, fani, ndi matiresi awo. Ndinawakhazika pampando wa pawindo, n'kupempha kondakitala kuti akawathandize posintha basi ku Mbeya. Anandigwira dzanja kudzera pawindo.

"Usadzidye mtima, wakukaya. Makinawo anapangidwa choncho. Panalibe njira."

Chimene chimandiwawa kwambiri chinachitika iwo atapita, mvula ina isanagwe. Makalaliki anayamba kudandaula poyera. Uyu ati tsiku lililonse akusankhanso makina osindikizira, uyo ati tizithunzi take todina ta pa sikirini tikusowa. Zing'onozing'ono, koma anadandaula onse pamodzi, mokweza, ndipo mabwana anamva. Anaitanitsa katswiri wa kampani imene inatigulitsa makina. Bambo ameneyo anamvetsera, n'kunena kuti zimenezo si nkhani. Kompyuta ikhoza kupitiriza kuiwala, koma munthu aliyense n'kukhala ndi kathumba kake mu seva, kosungiramo zokonda zake zokha. Akalowa, seva imaumba kompyuta yatsopano monga kale, kenako imatsanuliramo za m'kathumbako. Mavairasi amafabe. Malo amene timatumbato timadya ndi ochepa.

Sizinatenge tsiku lonse. Wodina mabatani ndinali ine, iye akundiuza poti ndidine. Titamaliza anati tiyese. Analowa patebulo lina, ndipo pofuna chinthu chooneka msanga, anakulitsa zilembo mpaka zinadzaza sikirini. Anatuluka, n'kukalowa patebulo la kutsidya. Zilembo zinabwera zili zazikulu.

"Mwaona?" anatero, akumwetulira.

Ndinati ndaona. Ndinatuluka panja, n'kukaima padzuwa pakati pa magalimoto, malaya akunyowa. Zinthu zimenezi zinalipo kuyambira pachiyambi. Ine ndinangomva kuti mitundu ndi iwiri, n'kukhulupirira kuti nkhani yathera pomwepo. Ndikanangofunsa m'chipinda chozizira muja kuti kodi palibe njira yoti yoiwala izikumbukirako pang'ono, sindikanafunika kutchula dzina la munthu kapena maso a munthu. Koma ndinali fundi wa nthambo, ndipo funso limenelo silinandifikire.

Ndinakhalabe zaka zambiri pambuyo pake, ndekha m'chipinda chija. Kumudzi ndinkapita mwa apo ndi apo, ndipo ulendo uliwonse lole inkadutsa pa Wenya ine n'kuyang'ana kumbali. Ndinamva kwa madalaivala kuti mtsikana wa a Ng'ambi anaima sukulu chaka chimodzi, amalume ake n'kugulitsa ng'ombe kuti abwerere. Mwana wanga anakula ndikumuonera pa foni. Adada anga anamwalira ine ndili m'basi pakati pa njira, ndipo ndinapeza manda atawundidwa kale. Pomaliza kampani inagulidwa ndi eni ena, ndipo alendo tonse sanatiwonjezere makontirakiti.

Ndinabwerera ku Nthalire ndi mbaula ndi masutikesi awiri. Nyumba ndinaipeza yabwino, koma inali ndi malamulo ake amene sanadikire ine. NyaKaira anali atasanduka wogula ndi kugulitsa nyemba wodziwika, wopangana mitengo ndi a malole popanda kufunsa munthu. Dimba langa ankalima mng'ono wanga, ndipo nditalitchula anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Mwana wanga ankandipatsa moni atagwada, maso ali pansi, ngati mmene amachitira ndi abusa akabwera kudzacheza. Akafuna kuseka ankapita kukhitchini kwa amayi ake.

Chimanga chitauma ndinati basi, ndipite ku Wenya. Ndinakwera njinga yamoto mpaka pamsika, kotsalako n'kuyenda pansi, ndikufunsa njira m'makomo. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, akutong'ola chimanga m'lichero. Anali atachepa thupi. Maso anali otsegula koma ankayang'ana pamwamba pa mutu wanga.

"Odi! Monire adada."

Manja anaima. Nkhope yonse inatseguka. "Wakukaya! Mawu amenewo ngakhale m'manda ndingawadziwe. NyaMunthali, bweretsa mpando, kwabwera wa ku Dar!"

Akazi awo, a NyaMunthali, anandilandira bwino. Anapha nkhuku. A Ng'ambi anandigwira kumaso ndi manja n'kunena kuti ndanenepa ngati bwana. Anafunsa za mayi Rehema, za mayi wa ku Mbeya, za mpopi uja ngati unakonzedwa. Anandiuza monyadira kuti mtsikana tsopano ndi namwino, ndipo ndi amene amawatumizira mankhwala a shuga. Tinaseka za daladala, za tsiku limene ndinapereka shikamoo kwa kamtsikana kogulitsa madzi. Ndinali ndisanaseke choncho chibwerereni.

Kenako anafunsa okha. "Nanga makina ako aja, akuiwalabe?"

Ndikanatha kungoti eya. Koma ndinali nditasenza nkhaniyi nthawi yaitali, ndipo ndinkaganiza kuti munthu amene anandichitira zonse zija ayenera kumva zoona. Ndinawauza za katswiri uja, za kathumba, za zilembo zimene zinatsatira munthu kuchoka patebulo lina kupita pa lina. Ndinawauza kuti njira inalipo, ine ndi amene sindinaidziwe.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anatola chitsononkho, n'kuchitembenuza m'manja.

"Zimenezo anazikonza liti?"

"Chaka chomwecho, adada. Mvula isanagwe."

"Chaka chomwecho," anabwereza motsitsa. Anapapasa lichero n'kuyambanso kutong'ola. Patapita nthawi anati, "Yewo, wachita bwino kubwera." Koma kuseka kunali kutatha, ndipo nkhuku ija anangoilawa.

Potsanzikana, a NyaMunthali anandiperekeza mpaka pamtsinje. Anayenda patsogolo. Titafika pa miyala yowolokera anatembenuka.

"Adada, mwatichezera, tathokoza. Mudzabwerenso, amakutchulani kawirikawiri. Koma nkhani ija mukanaisiya ku Dar komweko." Anakonza chitenje chawo. "Munthu uja zaka zonsezi amagona tulo chifukwa amadziuza kuti panalibe njira. Akayamba kudandaula za chaka chimene mwana anakhala pakhomo, za ng'ombe za alongo anga, amamaliza yekha kuti panalibe njira, n'kugona. Lero mwamulanda zimenezo. Inu mwapepukidwa, nanga ine ndimuuza chiyani?"

Ndinati phepani amama, ndipo iwo anagwedeza mutu n'kubwerera.

Ndimapitako ndithu, nyengo ya chilimwe njira ikauma. Ndimawatengera sopo ndi tiyi, ndipo tsiku lina ndinapita ndi mwana wanga kuti akawaone. Timakamba za mvula, za mitengo ya fetereza, za amene amwalira. Za ku Dar sanafunsenso, ndipo ine sindiyambitsa. Koma ulendo wathawu, ndikuimirira kuti ndizipita, anandigwira malaya n'kundikokera pafupi kuti akazi awo asamve.

"Wakukaya, kathumba kaja," ananong'ona. "Kakanasunganso mtundu wachikasu uja?"

Ndinati kakanasunga, adada.

Anandisiya malaya, n'kundiuza kuti ndiyende bwino.